Lipoti: mng'alu pa keke yopendekeka ya nsanjika zitatu

Mmene keke inalili

Keke ya m'lipotili inali ya ukwati, ya nsanjika zitatu, yamtundu uja umene nsanjika iliyonse imaoneka ngati yatsala pang'ono kugwa, umene ophika ambiri amautchula kuti topsy-turvy. Anaiphika ndi mayi wina amene wapanga makeke osanjikiza owongoka kwa zaka zambiri, koma yopendekeka inali yoyamba. Anatiitana ife ophika anzake madzulo, ukwati uli mawa lake masana, atamaliza kale kuikuta fondant (phala lolimba la shuga limene amaliyala ngati chinsalu pokuta keke) ndi kuisanjikiza.

Nsanjika yapansi inali masentimita 25 m'mimba mwake kumwamba ndi 20 kumunsi. Yapakati inali 20 ndi 16, yapamwamba 15 ndi 11. Iliyonse inali ndi maleya atatu a keke ya vanila, leya iliyonse yochindikala masentimita 5, pakati pake buttercream (batala wopondedwa ndi shuga) ndi jamu. Kunja anapaka buttercream, kenako fondant wa mamilimita pafupifupi 3.

Mayiwo anatsata njira ya dzenje. Pa njira imeneyi palibe nsanjika imene imapendekekadi. Chimene mumasema motsetsereka ndi pamwamba pokha, ndipo pamalo otsetserekawo mumakumba dzenje lozungulira limene pansi pake n'polingana mbali zonse. Nsanjika yotsatira imakhala chilili m'dzenjemo, pa bolodi lake, bolodilo litatsamira pa timitengo tochirikiza tolowetsedwa m'keke ya pansi pake. Diso limanamizidwa ndi kutsetsereka kwa pamwamba ndi kuchepa kwa m'munsi basi. Ilipo njira ina imene amaika zidutswa za styrofoam pakati pa nsanjika kuti zipendekekedi, koma imeneyo ili ndi mavuto akeake ndipo sikukhudza nkhani ino.

Chinthu chimodzi anachichita bwino kwambiri: ndodo yapakati, yodutsa m'nsanjika zonse, anaimangirira ku thabwa lapansi ndi sikuluwu, ndipo bolodi lililonse analiboola pakati penipeni asanaikepo keke.

Chizindikiro choyamba

Patapita maola awiri kapena atatu chisanjikizireni, pa fondant wa nsanjika yapansi panaoneka kamng'alu kopyapyala, kumbali yaitali, kochokera pamlomo wa dzenje kupita kum'mphepete. Mayiwo anaganiza kuti fondant wangouma. Anapakapo mafuta ndi chala, n'kumata ndi fondant wofewetsedwa ndi madzi. Pasanathe ola mng'alu unatsegukanso, tsopano waukulu moti nsonga ya mpeni ikanalowa. M'mbali, masentimita ngati 4 kuchokera pamwamba, munatuluka kachotupa kopingasa.

Apa ndi pamene nkhani inakhotera, ndipo ophika anzathu ayenera kudziwa kusiyanitsa ming'alu iwiriyi. Ya fondant wouma imakhala yambirimbiri, yosazama, imaoneka pa nthawi imene mukukuta keke, makamaka m'mphepete mwakuthwa, ndipo siikula. Mng'alu umodzi wokha umene wabwera patapita maola, wolunjika kuchokera kudzenje, umene mukaumata ukutsegukanso, sukuchokera kwa fondant. Chimene chikuyenda ndi keke ya m'kati. Kumata kumangokutayitsani nthawi uku kulemera kukupitiriza ntchito yake.

Choncho chisankho choyamba chinali kuchotsa kulemera. Mayiwo anakayika. "Koma tikaiphwasula, fondant yense saonongeka?" Tinawayankha kuti, "Mayi, yapansiyi yaonongeka kale. Tikupulumutsa ziwiri zapamwambazi." Khoma likanagumuka usiku, nsanjika yapakati ikanatsamira mbali imeneyo, ndipo ndodo yapakati ikanaing'amba m'kati.

Keke yonse inalowa kaye mufiriji kwa theka la ola kuti buttercream alimbe, zala zisasiye mabala. Ponyamula, mpeni wopakira unalowetsedwa pansi pa bolodi kuchokera kumbali yaifupi, kumene dzenje lilibe khoma, kenako zala, n'kukweza molunjika mpaka kupitirira nsonga ya ndodo. Ikanakhala ndodo yosongola yokhomedwa kuchokera pamwamba, kuizula kukanagwedeza nsanjika zonse zitatu.

Zimene tinapeza

Nsanjika yapakati itachoka, pa fondant wake panali chidindo chozungulira theka, masentimita 4 ndi theka kuchokera pa bolodi. Chidindocho chinafotokoza nkhani yonse: nsanjikayo inali kukankha khoma la dzenje.

Tiwerengetsere. Pamwamba pa nsanjika yapansi anapasema kuti mbali yaitali ipose yaifupi ndi masentimita 7 pa mtunda wa masentimita 25, kutsetsereka kwa madigiri pafupifupi 16. Dzenje analisema poyeza bolodi la masentimita 16, n'kuwonjezera theka la sentimita, ndipo khoma lake analidula chilili. Pa kutsetsereka kotere, dzenje la masentimita 16.5 limazama masentimita 4.6 kumbali yaitali. Koma nsanjika yolowa m'dzenjemo si yowongoka m'mbali, imanka nikula pokwera. Kuchokera pa 16 kufika pa 20 ndiye kuti mbali iliyonse ikutuluka masentimita 2 pa msinkhu wa masentimita ngati 12. Pamlomo wa dzenje inali itatuluka kale mamilimita 8, kuwonjezapo 3 a fondant, pamene mpata umene anausiya mbali iliyonse unali mamilimita 2 ndi theka okha. Inapitirira dzenje lake ndi mamilimita 8 kapena 9. Ikanakhala yomasuka ikanasunthira kumbali yopanda khoma, koma ndodo yapakati inaigwira pakati penipeni. Motero inalowa ngati nkhwangwa m'chikuni.

Kulakwitsa kumeneku n'kofala chifukwa wophika amayeza dzenje ndi bolodi lopanda kanthu, bolodi n'kulowa bwinobwino, iye n'kukhutira. Bolodi ndi malo ochepetsetsa a nsanjika yonse. Muyeso wofunika ndi kukula kwa nsanjikayo itakutidwa kale, pa msinkhu umene mlomo wa dzenje udzafike.

Nanga n'chifukwa chiyani mng'alu sunaoneke pomwepo? Yankho linali mu timitengo. Tinalipo tisanu, ndipo titatizula n'kutiimika pa tebulo, kataliko kanaposa kafupiko ndi mamilimita 5. Mayiwo anadula kamtengo kalikonse molingana ndi pamene kanatulukira m'keke, ndipo pansi pa dzenje sipanali polingana: anakumba kwambiri kumbali ya khoma, monga limachitira dzanja likamasema kuchokera kumbali yaifupi mpeni utaweramira kutsogolo. Timitengo tatifupi tinali kumbali ya khoma. Poyamba nsanjika yapakati inakolekeka pa khoma ndi pa timitengo tatitali. Buttercream atayamba kufewa m'khitchini motentha, nsanjikayo inatsika pang'onopang'ono kufuna timitengo tatifupi tija, ndipo milimita iliyonse imene inatsika inakankhiranso khoma kunja.

Vuto lachitatu, kuwonjezera pa dzenje ndi timitengo, linali m'khoma lenilenilo. Kuti apeze kutsetsereka kwa masentimita 7, anadula leya yapamwamba mopendekeka, n'kutembenuza chidutswa chapamwamba kuti mbali yochindikala ikhale pa yochindikala inzake. Njirayi n'njabwino ndipo imapulumutsa keke. Vuto n'loti analumikiza zidutswa ziwirizo ndi jamu. Dzenje litakumbidwa, pakati pa chidutswa chapamwambacho panachoka, n'kutsala kachigawo kokhota kokhala pa jamu, mzere wolumikizira ukudutsa m'khoma sentimita imodzi pamwamba pa pansi pa dzenje. Kachotupa ka m'mbali kaja kanali mzere umenewu: khoma linali litatsetserekera kunja. Kunja kwake kunalibenso choligwira, chifukwa nsanjika yochepa kumunsi imasiya m'mphepete mwake muli lende, ndipo buttercream sagwira kanthu. Batala amasungunuka pa madigiri a Celsius 32 mpaka 35, koma amakhala atafewa kalekale asanafike pamenepo.

Maleya awiri apansi anali bwinobwino. Jamu wa pakati pawo anatchingidwa ndi mzere wa buttercream wolimba m'mphepete, ndipo sanasunthe.

Zisankho, ndi zifukwa zake

Panali njira zitatu. Kuphikanso nsanjika yonse yapansi kukanafuna maleya atatu, kuwaziziritsa, kuwadzaza ndi kudikira kuti akhazikike, ndipo nthawi sinalole. Kuumba khoma latsopano ndi nyenyeswa za keke zosakaniza ndi ganache (chokoleti chosungunulidwa mu kirimu) n'kwachangu, ndipo potseka kabowo kapena pokonza m'mphepete mobenthuka kumathandizadi. Koma khoma lathunthu la phala lotere n'lolemera, silimamatira bwino pa keke yofewa, ndipo alendo ena akanalandira phalalo m'malo mwa keke. Tinasankha njira yachitatu: kusiya maleya awiri apansi, n'kuphika leya imodzi yatsopano, yaitali, ya keke yothinana.

Kutsetsereka tinakuchepetsa kuchoka pa masentimita 7 kufika pa 4, madigiri pafupifupi 9. Chifukwa choyamba n'choti masentimita 4 akhoza kusemedwa mu leya imodzi popanda kutembenuza chidutswa, ndiye kuti m'khoma simukhala mzere wolumikizira. Chachiwiri, dzenje limakhala losazama, khoma lalifupi. Ambiri amaopa kuti akachepetsa chonchi keke sioneka yopendekeka. Kunena zoona, diso limaona kwambiri kusemphana kwa nsanjika, ina kuloza uku ina uko, kusiyana ndi kukula kwa kutsetsereka kwa iliyonse. Pa nsanjika yapansi, imene imasenza zonse, kupitirira masentimita 5 pa 25 n'kudziputira mavuto popanda phindu looneka.

M'malo mwa buttercream wakunja tinasankha ganache wa chokoleti choyera, magawo atatu a chokoleti pa gawo limodzi la kirimu poyeza kulemera: magalamu 900 ndi 300. Chokoleti chakuda chimafuna magawo awiri okha pa limodzi, koma chikanaonekera pansi pa fondant woyera ndipo chikanasintha kwambiri kakomedwe. Ganache akauma amakhala chikhungwa cholimba chimene chimagwira m'mphepete mwa lende muja. Eni ukwati anauzidwa usiku womwewo za kusinthaku, ndipo anavomera.

Ntchito yokonza

Leya yatsopano inali ya batala, shuga, mazira ndi ufa zolemera mofanana, yophikidwa m'tini ya masentimita 25 yakuya 7 ndi theka, pa madigiri 160 kwa ola ndi theka, pakati pake pali msomali wa maluwa (kachitsulo koumbirapo maluwa a pa keke) kuti kutentha kufike m'kati. Keke yopepuka ya mazira omenya siisemeka, imanyenyeka pa mpeni ndipo imaphwa ikasenza katundu. Ganache anapangidwa keke ili mu uvuni, n'kuthiridwa m'thireyi yotakata kuti alimbe msanga.

Leya itazizira inakulungidwa n'kuikidwa mufiriza kwa mphindi 40. Imafunika ilimbe koma isaume gwa. Keke youma gwa imatereretsa mpeni, ndipo ikamasungunuka imatulutsa chinyezi pansi pa ganache. Nthawi yomweyo nsanjika yapansi inazulidwa pa ndodo, fondant ndi buttercream wakunja anapalidwa, leya yosweka inachotsedwa.

Titaisalaza pamwamba, leyayo inatsala masentimita 6 ndi theka. Tinaimata pa maleya akale ndi ganache wa mamilimita 5. Mzere wodula unaikidwa chizindikiro ndi timitengo totokosera m'mano: kamodzi pamwamba penipeni mbali imodzi, kena pa masentimita 2 ndi theka mbali inayo, tina tiwiri pa 4 ndi theka m'mbali ziwiri zotsalazo. Mpeni wautali wa mano unayamba ndi kulemba mzere wosazama kuzungulira keke yonse, kenako n'kumalowa pang'onopang'ono keke ikuzungulira. Mukadula kamodzin'kamodzi kuchokera mbali imodzi, mpeni umapindika pakati n'kusiya chitunda. M'mbali tinasema motsata mzere wa maleya akale, pang'onopang'ono, popeza chimene mwadula simungachibwezere.

Dzenje latsopano linali masentimita 18 pansi ndi 19 pamlomo, khoma lake lotsegukira kunja motsata mbali ya nsanjika yolowamo. Kuzama kwake kumbali yaitali kunali masentimita pafupifupi 3. Pa msinkhu umenewu nsanjika yapakati, pamodzi ndi fondant wake, ndi masentimita 17 ndi theka. Ganache wa mamilimita 3 atapakidwa m'kati mwa dzenje, mpata wotsala unali mamilimita 4 kuzungulira konse. Khoma linapyapyala kufika masentimita 3, kuchepera lakale lija, koma silisenza kanthu ndipo silikhudzidwa ndi kanthu. Ntchito yake n'kuoneka basi.

Posema pansi pa dzenje, mpeni umalowa chogona kuchokera pamalo otsikitsitsa a mzere wozungulira, ndipo chigwiriro chake sichiyenera kukwera. Ngakhale dzanja likhale lozolowera bwanji, maso okha sakwanira. Tinaikamo bolodi, pamwamba pake levulo yaing'ono (kachipangizo ka kathovu koonera ngati pamalo pali polingana), kuyeza mbali ziwiri zopingasana. Pamene panatsika tinadzazapo ganache, n'kuphimba ndi pepala lophikira, n'kukanikiza bolodi mpaka kathovu ka levulo katakhala pakati, kenako mufiriji kuti palimbe.

Timitengo tinali tisanu ndi kamodzi, tozungulira pa mzere wa masentimita 12 m'mimba mwake, kutanthauza masentimita 2 m'kati mwa m'mphepete mwa bolodi lokhalapo. Kamodzi kokha ndi kamene kanayezedwa m'keke. Tinato tinadulidwa potengera kameneko, n'kuimikidwa pamodzi pa tebulo, rula pamwamba, tisanalowe. Titalowa, bolodi ndi levulo zinabwereranso. Popeza pansi pa dzenje latsopano panali pa msinkhu wofanana ndi wakale, ndodo yapakati sinafunike kudulidwa.

Ganache wakunja anapakidwa kawiri, woyamba wopyapyala wogwira nyenyeswa, wachiwiri wofika m'mphepete mwa bolodi, ndipo anasiyidwa mpaka m'mawa m'chipinda chozizira bwino, osati mufiriji, kuti asadzachite thukuta pokuta.

Fondant sitinafunditse chinsalu chimodzi pamwamba monga tichitira pa keke yowongoka. Pa keke yochepa kumunsi, fondant amalendewera patali ndi mbali zake, amachita makwinya ambiri pansi, ndipo kulemera kwake kumang'amba m'mphepete mwa mbali yaitali. Tinadula m'mbali payokha, pamwamba payokha. Dziwani kuti chidutswa cha m'mbali sichowongoka: kuzungulira kumwamba ndi masentimita pafupifupi 79, kumunsi 63, ndiye chimakhota. Pepala lokulungidwa pa keke n'kudulidwa motsata m'mphepete limapereka muyeso weniweni. Tinachigawa pawiri kuti chinyamulike, zolumikizira zikhale kumene kudzabwere maluwa. Pamwamba, fondant wa m'dzenje anadulidwa pamlomo n'kuchotsedwa, kuti asadye mpata uja.

Nsanjika yapakati inali ndi vuto lomwelo pa dzenje lake, koma yapamwamba n'njopepuka ndipo khoma linali lisanasweke. Tinalikulitsa ndi kampeni kakuthwa, theka la sentimita kuzungulira, n'kupakamo ganache, n'kudulanso timitengo take kuti tifanane. Buttercream wake wakunja tinamusiya, popeza kumuchotsa kukanafuna kukutanso nsanjika imene inalibe mng'alu.

Tisanapakire, tinasanjikiza zonse kamodzi poyesa, mbali yaitali ya nsanjika iliyonse ili pamwamba pa mbali yaifupi ya inzake kuti kulemera kusaunjikane kumodzi. Kenako tinalowetsa kapepala pakati pa khoma ndi nsanjika n'kukayendetsa kuzungulira. Kakagwidwa paliponse, ndiye kuti dzenje likadali laling'ono. M'dzenje lapakati kanagwidwa pamalo amodzi, ndipo tinapalapo pang'ono.

Zotsatira

Nsanjika zinanyamulidwa payokhapayokha, yapansi ili pa thabwa lake ndi ndodo, zinazo m'mabokosi osiyana pa mphasa yosaterera, pansi pa galimoto osati pa mpando. Pamalo a phwando tinayamba tayeza tebulo ndi levulo, chifukwa tebulo lopendekeka limafafaniza ntchito yonse ya timitengo. Mpata wa mamilimita 4 unabisidwa ndi kachingwe ka fondant kongogonekedwa pamwamba, kosakanikizidwa m'kati. Chidindo chija cha pa nsanjika yapakati chinatsala poonekera, popeza dzenje latsopano silinachifike, ndipo chinaphimbidwa ndi lamba wa fondant amene anaikidwanso pa nsanjika zinazo kuti zifanane.

Panabuka nkhani ina yaing'ono. Mayiwo anawerengera magawo a alendo ngati kuti nsanjika ndi zathunthu, pamene kusema mbali kuchokera pa 25 kufika pa 20 kumachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a keke, osawerengera dzenje. Anaphika keke ina yafulati m'mawa, yodulira kukhitchini, n'kukwaniritsa chiwerengero.

Keke inaima maola pafupifupi 6 mpaka nthawi yodula. Nsanjika yapansi sinasinthe konse, ndipo poiphwasula kapepala kanazungulirabe m'dzenje mosagwidwa. Yapakati, imene inatsala ndi buttercream, inaonetsa kamzere kotupa pang'ono pamene maleya amakumana, kumbali yake yaitali, pamene mzere wa jamu wa chidutswa chotembenuzidwa unadutsa. Sinang'aluke, koma poidula khoma lake linanyamuka lokha pa mpeni, losamatirira leya ya pansi pake.